Kodi amene khadi la ufiti lamuchokera amakhalabe mfiti? Zokambirana za masewera a Salem 1692

Tiyamike
Moni nonse a m'gulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene inatsala pang'ono kutiyambanitsa Loweruka lapitali, ndipo ndikupempha inu amene mumadziwa bwino masewera a makhadi a Salem 1692 kuti mutiweruze. Tinalipo anthu 8, aliyense ali ndi makhadi 4 ovundikira patsogolo pake, amene amasonyeza ngati munthu ndi mfiti kapena ayi. Masewera ali mkati, khadi la chiwembu, lija lolembedwa kuti Conspiracy, linatuluka, ndipo monga mwa lamulo aliyense anatenga khadi limodzi kwa mnzake wa kumanzere. Alamu anga anali mfiti kuyambira pachiyambi, koma khadi lawo la ufiti linatengedwa ndi mtsikana amene anakhala kudzanja lawo lamanja. Kuyambira pamenepo iwo anadziyesa oyera, nayamba kumuunjikira mtsikanayo makhadi ofiira, oneneza mlandu, mpaka khadi la ufiti lija linavundukulidwa. Khadi lachiwiri la ufiti nalo litapezeka, alamuwo anaimirira n'kuyamba kugwirana chanza ndi opambana. Ena tinakana, ena anati palibe cholakwa popeza munthuyo analibenso khadi loipa. Tinabalalika nkhani isanathe, ndipo mpaka lero tikuponyerana mawu. Kodi lamulo likuti chiyani?

Madalitso
Achemwali a Tiyamike, lamulo pamenepa silibisa mawu. Amene wagwirapo khadi la ufiti, ngakhale kwa kanthawi kochepa, amakhala mfiti mpaka masewera atatha. Khadi likachoka, ufiti sutsagana nalo. Umatsalira mwa mwini wake woyamba, ndipo amene walilandira nayenso amasanduka mfiti kuyambira nthawi yomweyo. Ndiye kuti pa tebulo lanu afiti anali atatu, ngakhale makhadi a ufiti anali awiri okha. Kupambana kwa anthu a m'mudzi, ndiko kuti osewera amene si afiti, kuli m'malo mwake, chifukwa iwo amapambana makhadi onse a ufiti akavundukulidwa, ngakhale patsale mfiti yamoyo yopanda khadi. Koma alamu anuwo sangadye nawo chipambanocho. Anagonja limodzi ndi afiti anzawo, ndipo anadzigwetsa okha pogwiritsa munthu wa mbali yawo yomwe. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala, osadziwa kuti mphaka akusaka onse awiri.

Kondwani
Ndikuvomerezana ndi a Madalitso, ndipo ndiwonjezere chifukwa chake lamuloli silingakhale mwina. Mfiti iliyonse imadziwa anzake, popeza amatsegula maso limodzi m'bandakucha, kumayambiriro kwa masewera, posankha woti amupatse khadi latsoka lotchedwa mphaka wakuda, ndiponso usiku uliwonse posankha woti aphedwe. Tiyerekeze kuti munthu angayere khadi likamuchokera. Chinthu choyamba chimene angachite n'kutchula mayina: mnzanga ndi uje, ndipo khadi langa latengedwa ndi uyu ali pambali pangayu. Masewera angathere pomwepo, wina aliyense asanaganize n'komwe.

Komanso alamu anu anataya mpando wabwino koposa mipando yonse pa tebulo. Mfiti yopanda khadi ndiyo yoopsa zedi. Makhadi ake onse ndi oyera, moti anthu akaiunjikira milandu n'kuvundukula khadi limodzi, amapeza lolembedwa kuti si mfiti, kenaka amachita manyazi n'kuisiya. Usiku imatsegulabe maso ndi kusankha nawo wophedwa, masana imalankhula molimba mtima ngati munthu wosalakwa, chifukwa palibe chimene angaipeze nacho. Ine ndikakhala mfiti ndimachita kulakalaka kuti khadi lindichokere msanga.

Tiyamike
Zikomo kwambiri nonse awiri. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake mtsikana uja anasokonezeka usiku wotsatira. Anatiuza pambuyo pake kuti atatsegula maso anaona mfiti imodzi yokha, pamene alamu aja anali atatsinzina ndithu ngati munthu wa m'mudzi, ndipo iye anayamba kukayika ngati analiwerenga bwino khadi lake. Ndiwatumizira mayankho anuwa, ngakhale ndikudziwa kuti sawalandira ndi manja awiri.

Mphatso
Akuluakulu, lamulo ndalimva, koma ndiloleni ndinene kuti ndi lamulo lomweli limene limandichititsa kuti ndisawakonde kwenikweni masewerawa. Munthu umatha theka la ola ukusonkhanitsa umboni, ukuyang'anitsitsa nkhope za anthu, mpaka wafika potsimikiza kuti mfiti ndi uje. Kenaka chiwembu chatuluka, watenga khadi kwa mnzako, ukaliyang'ana wapeza kuti iwenso wasanduka mfiti, ndipo zonse zimene unanena poyera zasanduka msampha wako. Ukasiya mwadzidzidzi kumuneneza munthu amene unamukakamira uja, aliyense akuona. Ukapitiriza, ukupha mnzako. Mu masewera a Werewolf udindo umene walandira pachiyambi ndi womwewo mpaka mapeto, ndipo nzeru zimene wagwiritsa ntchito sizipita pachabe.

Chifundo
Achimwene a Mphatso, chimene mukudandaula nachocho ndi chimene ine ndimawakondera masewerawa. Tiyambe ndi kumene mtundu uwu wa masewera unachokera. Mafia inayambitsidwa ndi Dmitry Davidoff mu 1986 ku Moscow State University, ndipo maziko ake ndi kulimbana kwa kagulu kochepa kodziwa zonse ndi gulu lalikulu losadziwa kanthu. Mu 1997 Andrew Plotkin anaisintha kuti ikhale nkhani ya anthu osanduka mimbulu, ndiye Werewolf imene mukunenayo. M'masewera awiri onsewa kagulu koipa kamayamba ndi chiwerengero chodziwika ndipo kamangochepa. Munthu amene watsimikiziridwa kuti ndi wabwino amakhala wabwino mpaka kalekale, choncho masewera akamapita, malo obisalamo amacheperachepera.

Salem 1692, imene anaikonza Travis Hancock wa kampani ya Facade Games, inatembenuza zimenezi. Kuno kagulu koipa kamatha kukula, ndipo munthu amene munamuyeretsa mphindi khumi zapitazo mukhoza kumukayikiranso. Nzeru zanu sizipita pachabe, a Mphatso, kungoti zimafunika kuziika pa malo ena. M'malo mongofunsa kuti mfiti ndani, mumafunsa kuti khadi lingakhale layenda bwanji. Ngati munkakayikira munthu wina chiwembu chisanatuluke, yang'anani amene wakhala kumanja kwake, chifukwa ndi iyeyo amene watenga khadi kwa wokayikiridwayo. Ngati wokayikiridwayo anali ndi makhadi 4 ovundikira, mwayi woti khadi la ufiti lasamuka ndi umodzi mwa inayi. Ngati anatsala ndi awiri, mwayiwo ndi theka. Izi n'zowerengeka ndithu, si zamaula ayi.

Ndipo nkhope zimalankhula kwambiri pa mphindi imeneyo kuposa nthawi ina iliyonse. Tsiku lina mnzathu wina wolongolola, amene sanatseke pakamwa chiyambire masewera, anasuzumira khadi lake latsopano, nalibweza pansi mofatsa, n'kuyamba kulinganiza makhadi ake kuti akhale pamzere wowongoka bwino. Anawalinganiza kawiri. Palibe chimene ananena, ndipo kukhala chete kwakeko ndi kumene kunamugwiritsa.

Mphatso
Zoyang'ana munthu wa kumanja sindinaziganizepo, ndipo ndikuvomera kuti zili ndi nzeru. Komabe munthu amene wasanduka mfiti mochedwa amakhala pa mavuto amene sanawapute.

Madalitso
Amakhala pa mavuto, inde, koma njira yotulukira ilipo. Simuyenera kusiya mwadzidzidzi kumuneneza mnzanu watsopanoyo. Pa nthawi yanu muli ndi ufulu wosankha chimodzi mwa ziwiri: kutola makhadi awiri pa mulu, kapena kuponya makhadi amene muli nawo m'manja. Ndiye pakamwa pazipitiriza kunena kuti uje ndi mfiti, koma manja azingotola makhadi, mukunamizira kuti mukufunafuna khadi la mboni. Milandu imafunika kukwana 7 kuti khadi la munthu livundukulidwe; khadi wamba loneneza limawerengedwa 1, la umboni 3, la mboni 7. Munthu amene akukuwa kwambiri koma osaponya khadi lofiira ndi limodzi lomwe amatha kudutsa maulendo awiri kapena atatu asanatulukiridwe. Ndaulula chinsinsi changa, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mudzandigwira nacho.

Kondwani
Popeza tafika pa za machenjerero, ndifunse maganizo anu pa nkhani ya kuvomera mlandu usiku. Kwa amene sanasewerepo: usiku ukafika afiti amasankha woti aphedwe, wapolisi wa m'mudzi, amene ali ndi khadi la Constable, amasankha munthu mmodzi woti amuteteze koma osati iye mwini, ndipo onse akatsegula maso, dzina la wophedwa lisanaululidwe, aliyense ali ndi mwayi wovundukula yekha khadi lake limodzi kuti apulumuke usiku umenewo. Pa gulu lathu anthu ayamba kuvomera mwachisawawa, moti usiku umodzi anthu asanu anavundukula makhadi awo nthawi imodzi. Ine ndimaona kuti zimenezi zimathandiza afiti, chifukwa munthu makhadi ake onse akavundukulidwa amafa ndithu, ndiye a m'mudzi akudzitafuna okha.

Chifundo
Zimathandiza afiti pokhapokha ngati afitiwo sakuvomera nawo. Mfiti imene ili ndi khadi ikavomera, imachotsa limodzi mwa makhadi oyera amene ikubisalamo, moti tsiku limene milandu idzakwane 7, woneneza adzasankha pakati pa makhadi ochepa. Ikapanda kuvomera pamene ena onse akuvomera, anthu amafunsa kuti iwe ukulimba mtima chifukwa chiyani, kodi ukudziwa kuti dzina lako silinasankhidwe? Ine ndimayang'ana kwambiri amene sachita mantha usiku. Koma wapolisi ndiye ayenera kusamala kuposa onse posankha khadi lovundukula, chifukwa khadi la Constable likaonekera, udindowo umatha ndipo mudzi umatsala wopanda mtetezi mpaka mapeto. Tisaiwalenso kuti khadi limeneli nalo limayenda pa chiwembu, ndipo likhoza kugwera m'manja mwa mfiti.

Mayi Nachisale
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma pa nkhani ya kuvomera mlanduyi ndiloleni ndilowererepo, chifukwa lamulo limeneli silinangopekedwa kuti masewera akome. Linachokera m'zimene zinachitikadi ku Salem, m'dera la Massachusetts, mu 1692. Nkhani inayamba kumayambiriro kwa chakacho m'nyumba ya m'busa Samuel Parris, pamene mwana wake Betty wa zaka 9 ndi m'bale wake Abigail Williams anayamba kudzigwetsa ndi kukuwa, ndipo anthu anati alodzedwa. Oyamba kunenezedwa anali akazi atatu opanda owaikira kumbuyo: Tituba, amene anali kapolo m'nyumba ya m'busayo, Sarah Good, mayi wosauka wopemphapempha, ndi Sarah Osborne, amene anali wodwaladwala ndipo anali atasiya kupita kutchalitchi. Tituba anavomera, natchula kuti palinso ena, ndipo sanaphedwe. Sarah Good anakana mpaka mapeto, ndipo anapachikidwa. Sarah Osborne anafera m'ndende.

Anthu anaona msanga mmene zinthu zikuyendera: wovomera amasungidwa kuti atchule anzake, wokana amapita ku chingwe. Anthu oposa 50 anavomera ufiti umene sanauchite, ndipo wovomera aliyense ankayenera kutchula mayina atsopano kuti amukhulupirire. Samuel Wardwell anavomera, kenaka anabweza mawu ake, ndipo anapachikidwa. Onse pamodzi, anthu oposa 200 ananenezedwa, 19 anapachikidwa, akazi 14 ndi amuna 5, ndipo enanso osachepera 5 anafera m'ndende. Giles Corey, nkhalamba ya zaka za m'ma 80, anakana kuyankha mlandu pamaso pa bwalo, ndipo anamusanjikizira miyala pachifuwa mpaka anamwalira mu September 1692. Ambiri amaganiza kuti anthuwa ankawotchedwa, koma ku Salem palibe amene anawotchedwa.

Ndiye mukamavundukula khadi kuti mupulumuke usiku, mukuchita chimene anthu amenewo anachita. Kusiyana kwake n'kwakuti pa tebulo lanu khadi la ufiti lilipodi, wina ali nalo, ndipo kusakako kuli ndi pothera. Ku Salem khadi limenelo panalibe. Onse amene anafa anali ndi makhadi oyera okhaokha.

Tiyamike
Mayi, zikomo. Mayina amenewa ndimangowaona pa makhadi a anthu a m'mudzi, ndipo ndinkaganiza kuti ena mwa iwo ndi opeka. Loweruka lomwelo ine ndinali Sarah Good, ndipo ndinkaseka anthu akundiunjikira milandu.

Mayi Nachisale
Si opeka, mwanangu. Sarah Good anali ndi mwana wamkazi, Dorothy, wa zaka zosapitirira 5, amene nayenso ananenezedwa n'kutsekeredwa m'ndende kwa miyezi yambiri. Apa m'pamene mtima wanga umakayikira masewera amenewa. Sindikutsutsa masewera obisa maudindo. Adzukulu anga ndimasewera nawo Werewolf, ndipo amandipha usiku woyamba nthawi zonse chifukwa amati ndimawadziwa akamanama. Koma mimbulu ndi nthano. Awa anali anthu enieni, ndipo makhadi akagawidwa zimatheka kuti amene watenga dzina la Sarah Good apezeke ndi khadi la ufiti, anzake n'kuwomba m'manja kuti tamugwira. Mayi ameneyu anafa akukana mlandu womwewo.

Kondwani
Mayi, nkhawa yanu ndaimva ndipo sindikuipeputsa. Koma ndinene mbali inayo. Ine za Salem sindinaziphunzire m'kalasi. Ndinayamba kuzifufuza chifukwa cha makhadi omwewa. Pa khadi la George Burroughs palembedwa kuti iye amafunika milandu 8 m'malo mwa 7 kuti khadi lake livundukulidwe. Ndinadabwa kuti munthu ameneyu anali ndani kuti akhale wovuta kumugwetsa, ndipo ndinapeza kuti anali m'busa amene anatumikirapo ku Salem Village komweko. Pa 19 August 1692, ataimirira pa malo opachikirapo, ananena Pemphero la Ambuye lonse osaphonya liwu, chinthu chimene anthu a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti mfiti singathe. Khamu linagwedezeka, koma anamupachikabe. Khadi lija likanakhala ndi dzina lopeka, ine sindikanadziwa zimenezi.

Chachiwiri, masewerawa amakuonetsa m'thupi mwako momwe mmene kunenezana kumayambira. Pa ulendo woyamba palibe amene ali ndi umboni uliwonse, koma makhadi ofiira ali m'manja ndipo amayabwa. Wina amaponya limodzi pa munthu chifukwa wamwetulira. Wachiwiri amawonjezera pa munthu yemweyo, osati chifukwa akumukayikira, koma chifukwa pamene payamba kale kuunjikana m'pamene pali pafupi kukwana 7, ndiponso chifukwa maso akakhala pa wina sakhala pa iwe. Ndinadzigwirapo ndekha ndikuponya khadi la umboni pa mlongo wanga ndikudziwa bwino kuti ndilibe chifukwa, kungoti milandu 4 inali kale patsogolo panga ndipo ndinkafuna kuti anthu atembenukire kwina. Khadi lake litavundukulidwa linali loyera, ndipo anandiyang'ana osanena kanthu.

Mayi Nachisale
Zimenezo ndi zoona, bambo, ndipo mwazifotokoza bwino kuposa mmene ine ndikanachitira. Chimene ndikuopa n'chakuti phunziro limene masewera amapereka pa mapeto ndi losiyana ndi limene mwatchulalo. Anthu a m'mudzi akapha anthu osalakwa atatu koma n'kupeza makhadi onse a ufiti, amawerengedwa kuti apambana. Ndiye kuti kusakako kunali koyenera, ndipo osalakwa aja anali mtengo wolipira basi. Bwalo la ku Salem linkaganizanso chimodzimodzi. Linkalandira umboni wa anthu onena kuti mzimu wa uje unabwera kudzanditsina usiku, umboni umene wonenezedwa sakanatha kuutsutsa mwa njira iliyonse. Rebecca Nurse, mayi wa zaka 71 wolemekezeka m'tchalitchi, poyamba anapezeka wosalakwa, koma oweruza anapempha kuti chigamulocho chiganiziridwenso, ndipo anapachikidwa mu July. Bwanamkubwa William Phips, amene anakhazikitsa bwalolo mu May, analithetsa mu October chaka chomwecho, zitaoneka kuti kunenezana kwafika ndi kwa anthu apamwamba omwe.

Madalitso
Ndikuona kuti nonse awiri mukunena zoona, koma pa mfundo imodzi ndisiyana nanu pang'ono, mayi. Mwa malamulo ake, masewerawa salipira kupha mwachisawawa. Afiti amapambana pamene onse otsala amoyo ali afiti, choncho munthu wosalakwa aliyense amene mudzi wamupha ndi manja ake umawafupikitsira afiti ulendo. Pa magemu amene ndasewera, nthawi zambiri mudzi ukagonja si chifukwa cha kupha kwa usiku ayi, popeza usiku umabwera kamodzi kokha mulu wa makhadi ukatha. Umagonja chifukwa cha makhadi ofiira a masana. Gulu limene limaphunzira kudekha, kusunga khadi la Alibi kuti lichotsere milandu munthu amene akuponderezedwa popanda chifukwa, ndi kufunsa woneneza kuti afotokoze maziko ake, ndi limene limayamba kupambana. Koma ndikuvomera kuti mfundo yanu yaikulu ikuimabe: m'bokosimo mfiti ilimo, pamene ku Salem kunalibe.

Mphatso
Ndiye bwanji osayesa kusewera tsiku lina popanda khadi la ufiti ngakhale limodzi, osewera osadziwa? Wogawa makhadi achotse mwachinsinsi makhadi awiri aja n'kuikamo oyera. Ndikufuna kuona kuti zingatenge nthawi yaitali bwanji kuti anthu azindikire kuti akuphana pachabe.

Chifundo
Maganizo amenewo ndi okoma kuwamva, koma angavute pa mfundo imodzi: m'bandakucha palibe amene angapereke mphaka wakuda, ndipo usiku palibe amene angasankhe wophedwa, ndiye chinsinsi chingaululike msanga. Pangafunike munthu woyendetsa masewera amene sakusewera nawo, woti azichita zimenezi yekha onse atatsinzina. Komanso ndikuchenjezeni kuti anthu sakonda kupusitsidwa ndi wogawa makhadi. Kunama pakati pa osewera ndi chinthu chimene aliyense anavomera pokhala pa tebulo. Kunamizidwa za malamulo enieniwo ndi nkhani ina. Mukachita zimenezi, chitani kamodzi kokha, ndi anthu odziwana bwino, ndipo mukhale okonzeka kupepesa.

Kondwani
Ine ndikanakonda kukhalapo tsiku limenelo, koma ngati woonerera.

Woyang'anira gulu
Zokambiranazi zikuyenda bwino ndipo ndikuthokoza chifukwa cha ulemu umene mukupatsana. Ndikumbutse chabe kuti pali anthu atsopano angapo amene andilembera kumbali kufunsa ngati masewerawa ndi oyenera gulu lawo, choncho amene muli ndi malangizo a kaseweredwe muwaike pano kuti onse apindule.

Madalitso
Bokosi limanena kuti osewera akhale 4 mpaka 12, koma mwa kuona kwanga amakoma kwambiri pakati pa 7 ndi 9. Mukakhala 4 kapena 5 khadi la ufiti limakhala limodzi lokha, ndipo likhoza kupezeka mwangozi masewera asanatenthe. Mukakhala 10 kapena kupitirira aliyense amakhala ndi makhadi 3 okha, anthu amafa msanga, ndipo woyamba kufa amadikira nthawi yaitali akungoonerera. Pa vuto limeneli ife timapatsa woyamba kufayo ntchito yoyendetsa usiku, kuti asakhale manja lende.

Chinthu china chimene chimaononga masewera ndi phokoso la usiku. Afiti amayenera kutambasula dzanja kukasankha khadi la dzina la wophedwa, ndipo wapolisi amayenera kusuntha kachizindikiro kake, onse ena atatsinzina. Tsiku lina tinamva zibangili zikulira kuti ngwerengwere pakati pa usiku, ndipo pa tebulo lonse munthu wovala zibangili anali mmodzi. Anayesetsa kukana, koma ngakhale iye mwini anali akuseka. Kuyambira pamenepo aliyense amavula zolira, ndipo usiku tonse timagogoda tebulo ndi dzanja limodzi kuti phokoso la mipando ndi malaya lisamveke.

Chifundo
Ndiwonjezere chimodzi. Musanayambe, nenani poyera lamulo limene latisonkhanitsa panoli, ndipo mulinene kawiri: amene wagwirapo khadi la ufiti ndi mfiti mpaka mapeto, ndipo usiku azitsegula maso. Munthu sangafunse funso limeneli masewera ali mkati popanda kudziulula, n'chifukwa chake alamu a achemwali a Tiyamike anangodzigamulira okha mumtima. Sindikuwaikira kumbuyo, koma wophunzitsa malamulo tsiku limenelo nayenso ali ndi gawo lake pa mlanduwu.

Tiyamike
Wophunzitsa malamulo tsiku limenelo ndinali ine, ndiye mawu amenewo andilasa, koma ndawalandira.

Mayi Nachisale
Kwa atsopanowo, langizo langa ndi losiyana pang'ono ndi la anzanga. Ngati mukusewera ndi ana kapena achinyamata, masewera akatha musafulumire kubweza makhadi m'bokosi. Aliyense atenge khadi la dzina limene anali nalo, ndipo mufufuze limodzi kuti munthuyo zinamuthera bwanji. Mudzapeza kuti ena mwa mayinawo ndi a ophedwa, ena ndi a oneneza, ena ndi a oweruza. Ann Putnam, mmodzi mwa atsikana amene ananeneza anthu ambiri, anapepesa pamaso pa mpingo mu 1706. Woweruza Samuel Sewall anavomera kulakwa kwake poyera mu 1697. Mu 1711 boma la deralo linayeretsa mayina a ena mwa oweruzidwa ndi kupereka chipukuta misozi kwa mabanja awo, koma si onse amene anatchulidwa. Dzina la Elizabeth Johnson Jr., amene anaweruzidwa kuti aphedwe koma sanapachikidwe, linayeretsedwa mu 2022, patapita zaka zoposa 300, ana a sukulu ina ya ku Massachusetts atalimbikira nkhani yake. Mlandu suola ndithu. Ndipo Salem Village, kumene zonsezi zinayambira, lero imatchedwa Danvers.

Kondwani
Mayi, zimenezo ndizichita pa gulu lathu. Koma ndikufunseni molunjika: kodi inuyo mungakhale nafe pa tebulo tsiku lina?

Mayi Nachisale
Ndikhoza kukhala, bambo, koma mudzandipatse dzina la mmodzi mwa oweruza kapena oneneza. Ndikadzapezeka ndi khadi la ufiti pamenepo, sindidzadandaula.

Tiyamike
Ndabweranso ndi yankho la alamu anga. Awerenga zonse, ndipo avomera kuti anagonja, ngakhale akuti mlandu weniweni ndi wanga chifukwa sindinafotokoze lamulo, ndipo akutchula a Chifundo ngati mboni yawo. Mtsikana uja akuti awakhululukira pokhapokha Loweruka likubwerali asinthane malo, iye akhale kumanzere kwawo, kuti ulendo uno iwo ndi amene atenge khadi kwa iye. Tagwirizana kuti tidzayamba ndi kuwerenga lamulo lija kawiri, zibangili zonse zili m'thumba. A Madalitso, funso limodzi lotsiriza: ngati pa kugawa koyamba makhadi onse awiri a ufiti agwera munthu mmodzi, kodi timagawanso?

Madalitso
Simugawanso, achemwali, ndipo simungadziwe n'komwe kuti zachitika, popeza mwini wakeyo sanganene. Adzatsegula maso m'bandakucha, adzayang'ana uku ndi uku osapeza mnzake, ndipo adzapereka mphaka wakuda yekha. Akatero azingopemphera kuti chiwembu chituluke msanga.